Khutu la kavalo wa Tamanda

Foni inalira Lachiwiri ndikutsuka mbale, ndipo chimwemwe changa chinakhala mphindi zitatu basi.

Anali Tamanda, mdzukulu wanga. Wakhoza mwana, wakhoza, tsopano ndi dokotala wa ziweto. Ine nthungululu m'khitchini, ine kuvina chinkhupule chili m'manja, mpaka mzungu wa nyumba ya pansi anagogoda kudenga kwake ndi tsache. Kenaka mwana uja anati abwera Loweruka kudzatenga akavalo ake, akawaike pa shelefu kuntchito kwakeko. Miyendo inasiya yokha kuvina.

Akavalowo ndi tizidole ta pulasitiki, khumi ndi tiwiri, anatolera kuyambira ali wamng'ono. Ine ndinkangoona fumbi. Nthawi ya Lenti ndinatiponya m'thumba pamodzi ndi makatani akale, n'kukasiya ku shopu ya chariti, yogulitsa zakale zimene anthu apereka, kuno ku Barking. (Mayi ake, mwana wanga Esinta, anali ku shifiti kuchipatala, ndipo sindinauze munthu.) M'thumbamo munalinso wotuwa wothyoka khutu, amene anamugulira malemu agogo ake aamuna. Ameneyo ndiye anandisowetsa mtendere.

Lachitatu ndinalawira ku shopu kuja. Mtsikana wogulitsa anati zinapita kalekale, ndikayese ku Woolwich. Ndinakwera sitima, ndinatsika sitima, ndinakwera basi yolakwika. Chingerezi changa n'cha kutchalitchi, ndiye ndinkangogwira khutu langa n'kumalira ngati kavalo. Ku shopu ina anandipatsa mpando ndi madzi akumwa.

Lachinayi ndinali ku Edmonton. Ndinkatola chilichonse cha miyendo inayi, abulu awiri, wina wa nyanga pamphumi, mbidzi imodzi. (Ndinati mizere yokhayo sangaione msanga.)

Lachisanu, pa msika wa zakale, ndinapeza wotuwa, wowala ngati wadzola mafuta, ali m'bokosi lake. Bambo wogulitsayo anafotokoza zambiri, dzina lake, chaka chake, ine ndikungogwedeza mutu. Vuto linali limodzi, makutu anali onse awiri. Mulungu andikhululukire, nditafika kunyumba ndinataya bokosi, n'kutenga chowengera zikhadabo. Thwa.

Loweruka nyumba inadzaza. Tamanda amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi, tsiku limenelo anayankha m'Chichewa. Ananyamula mbidzi, anaiika pansi. Ananyamula wotuwa uja, n'kumutembenuza, n'kumutembenuzanso.

"Agogo, wanga anathyoka khutu la kumanzere."

"Mwina lachira, mwanawe, n'kuthyoka linalo."

"Mwamudula ndinu?"

Ndinaulula zonse, thumba, makatani, basi yolakwika. Mwana anakhala pansi. Anati kavalo ameneyu ndi wosowa, wakhala akumufunafuna zaka zambiri, ndipo anali wabwinobwino mpaka anakumana nane. Misozi inalengeza chifukwa cha wa agogo ake uja, kenaka anayang'ana abulu aja n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Chilango changa n'chakuti Loweruka lililonse tizipita tonse kumisika mpaka wa kumanzere apezeke. Sanapezekebe. Ndaphunzira kuti za eni sataya, ngakhale nsapato za Esinta zili pakhomozi ndikuziyang'ana.

Koma Loweruka lija kuvina tinavina. Anabwera Esinta ndi yunifomu yake, a Nachisale a ku Woolwich, a Nangozo ndi amuna awo, abusa ndi amayi busa, Chikondi, Mphatso, Limbani ndi mkazi wake wa ku Zambia, a Phiri a ndodo, ndi mzungu wa pansi uja, a Derek, amene anapita ndi mbidzi.