Wakutsogolo Sacheuka

Inu, sunthirani kuno, musakhale pansi pa bwatolo, fumbi lingakugwereni mumsuzi. Eya, likuzunguliradi, si kachasu wa palinka mwamwayo ayi. Tamverani ndikuuzeni chimene chinachititsa kuti kalabu yolemekezeka ngati yathu ino ipachike bwato la akatswiri ndi unyolo umodzi, ngati ntchafu ya nkhumba yowamba.

Bwato limenelo ndi limene a Bertalan Rigó ndi a Gedeon Szalma anapatira mendulo ya mkuwa pa mpikisano waukulu wa mayiko, zaka makumi anayi zapitazo. Mukudziwa mmene awiri amakhalira m'bwato lathuli: aliyense bondo limodzi pansi, wina kupalasa kumanja, wina kumanzere, ndipo mbali imene unayambira uli mwana ndi imene udzafe nayo. A Bertalan, akumanja, ankagwada kutsogolo. A Gedeon, akumanzere, kumbuyo. Kochi wawo, malemu aja, anali ndi lamulo limodzi lokha: wakutsogolo sacheuka. Ukangocheuka, bwato lowonda chonchi limakulavula.

Ndiye a Bertalan, pokhala munthu womvera malamulo, sanacheukepo. Zaka khumi ndi ziwiri akupalasa limodzi, iwo ankangoona madzi ndi mzere womaliza. N'chifukwa chake anakalamba akukhulupirira ndi mtima wonse kuti m'bwato muja munali munthu mmodzi ndi katundu.

"Ine ndinanyamula thumba la mbatata mpaka kukalandira nalo mendulo," ankatero Lamulungu lililonse patebulo.

"Hatchi nayo imati ndiyo inafikitsa ngolo kumsika," ankayankha a Gedeon, akupitiriza kuchotsa minga m'nsomba.

Tsoka lake, anthuwa ndi pachilamu. A Bertalan anakwatira mlongo wa a Gedeon, mayi Etelka, amene amatiphikira msuzi wa nsomba muno. Mayi ameneyu wamva za mbatata ndi hatchi kwa zaka makumi anayi, moti akapita kumwamba sadzamufunsa mafunso pakhomo.

Chaka chatha kalabu inakwanitsa zaka zana. Komiti inagwirizana zopachika bwatoli m'holo muno ndi kulembapo mayina a eni ake. A Kázmér, tcheyamani wathu, munthu wabwino koma wosadziwa pomwe pagona njoka, anafunsa pamsonkhano kuti, "Nanga tiyambe ndi dzina la ndani?"

Maso onse anagwera pa madala awiriwo.

"Funso lake ndi limenelo?" anatero a Bertalan. "Amene ankayamba kudutsa mzere ndani?"

"Mphuno nayo imayamba kulowa m'nyumba, alamu, koma sitinena kuti nyumba ndi ya mphuno."

"Iwe Gedeon, ukanakhala wekha bwenzi mpaka lero ukufunafuna mzere womaliza."

"Tiyeni tikaone, alamu. Aliyense m'bwato lakelake."

Basi, zinatha choncho. Mamita mazana awiri, pa tsiku la chikondwerero, pamaso pa tauni yonse. Wopambana dzina lake pamwamba m'zilembo zagolide, wogonja pansi m'tizilembo ta pa botolo la mankhwala.

Musaseke msanga. Kwa a Bertalan nkhaniyi sinali yamasewera. Atasiya kupalasa anagwira ntchito zaka makumi atatu kuchigayo cha tsabola, kumabwera kunyumba ali psuu, akuyetsemula. Chimene anthu ankawavulira chipewa mumsewu ndi tsiku limodzi lija basi. Kuwalemba pansi pa alamu awo kunali kuwauza kuti ngakhale tsiku limenelo linali lobwereka. Ankaopa, ndithu, koma mantha awo amatulukira pakamwa ngati matama.

"Bambo, munakwera liti bwato muli nokha?" anafunsa mayi Etelka atafika kunyumba.

"Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Lero muli ndi zingati?"

"Madzi saiwala khwawa, mayi."

"Madziwo ndiye sadzakuiwalani."

A Bertalan anakwera kudenga kukatsitsa zida zawo zakale. Malaya ampikisano analowa bwinobwino mpaka m'khwapa, pamenepo n'kukana. Kutsika osatsika, kuvuka osavuka. Katswiri wa dziko anaima pakati pa chipinda manja ali m'mwamba ngati wagwidwa akuba nkhuku, mpaka mayi Etelka anabwera ndi lumo losokera. Kenako kamtsamiro kogwadira, kamene kochi anawasemera mogwirizana ndi bondo lawo. Anthu akuwauza kuti masiku ano kuli tatsopano tofewa, iwo ayi, "bondo langa limadziwa kwawo." Atangogwadapo kuyesa, kamtsamiro kanangoti nyenyenye, kusanduka zinyenyeswa za buledi, bondo n'kukapereka moni kusimenti. Anakuwa mpaka galu wa aneba anayankha.

Sabata yotsatira anabwereka bwato la munthu mmodzi n'kupita m'mamawa kutali, kudziwe lija limene mtsinje wa Tisza unasiya utasintha njira, kumene kulibe maso a kalabu. Kunali munthu mmodzi yekha, mkulu wina wowedza, atakhala pa ndowa.

Inu, mphamvu zinalipo! Atamiza nkhafi koyamba, bwato linadumpha ngati lalumidwa ndi mavu. Kachiwiri, kachitatu, mphepo m'makutu, mtima ukuimba nyimbo ya fuko. Koma atakweza maso anaona kuti mitengo ya tsidya lija ikuyenda cham'mbali. Anawonjezera mphamvu. Mitengo inathamanga. Posakhalitsa anaona munthu wowedza atakhala pa ndowa.

"Mwadzuka bwanji?" anatero wowedzayo.

A Bertalan anangomudutsa. Anati mwina ndi mphepo. Anapalasanso mwaukali, mano ali gwa, ndipo patapita kamphindi anaona munthu wina wowedza, nayenso pa ndowa, chipewa chofanana.

"Mwadzukanso bwanji?"

Ulendo wachitatu mkuluyo anakweza mbedza kuti bwato lidutse. "Akulu, ngati mwataya chinthu pakatipo, nenani tikuthandizeni kufuna."

Ulendo wachinayi sunakwane. Bwato linalowa m'bango, abakha n'kubalalika akutukwana, ndipo a Bertalan anatuluka m'madzi atavala ndere kumutu.

Nkhani yake ndi yoti munthu ukamapalasa kumanja kokhakokha, bwato limathawira kumanzere, pokhapokha upotoze dzanja pothera pa mpalaso uliwonse. Mwana aliyense wa m'kalabu muno amadziwa. A Bertalan nawo ankadziwa ali mnyamata, koma dzanja linaiwala kalekale, chifukwa zaka zonse zija panali wina amene ankachita zimenezo iwo osaona. Kodi mukuganiza anavomera? Anafika kunyumba akudontha n'kunena kuti mabwato amasiku ano amawapanga okhota.

"Pitani mukafunse achimwene akuonetseni," anatero mayi Etelka akufinya masokosi.

"Ndikafunse mbatata njira?"

"Chabwino. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu."

Anayesa masiku asanu ndi anayi. Wowedza uja anayamba kubwera ndi anzake, ena ndi mipando yopinda.

Tsiku la chikondwerero linafika. Mbendera, gulu la malipenga, mphika waukulu wa msuzi ukubwata pamoto, atsikana athu opalasa timabwato ta kayaki atavala mamendulo awo atsopano akuwala pachifuwa. Achinyamata anapikisana, anthu anawomba m'manja mwaulemu, koma aliyense ankadikira madala awiri aja. A Gedeon anawaika njira ya kumanzere, a Bertalan ya kumanja. A Bertalan anali atamanga bondo ndi nsalu, atagwadira pilo wa pasofa wamaluwa amene anaba kunyumba.

"Alamu, pilo ameneyo ndinagula ndine pa ukwati wanu," anatero a Gedeon.

"Ndiye lero agwira ntchito yoposa imene iwe unagwirapo."

A Kázmér anakweza mfuti yoyambitsira. Phuu!

A Bertalan anachoka ngati chipolopolo chenichenicho. Anthu anakuwa. Koma a Gedeon, inu, anangokhala! Nkhafi m'mwamba, khosi patsogolo, maso ali tong'o kuyang'ana pamalo opanda kanthu, ngati munthu wodikira basi.

"Achimwene, palasani!" anakuwa mayi Etelka, chipande chili m'manja. "Mfuti yalira!"

A Gedeon osagwedezeka.

Uku a Bertalan zawo zija zinayamba. Mitengo inayamba kuyenda cham'mbali. Anadutsa timipira tolekanitsa njira, n'kulowa m'njira ya alamu awo, chopingasa, kulunjika kumene kunaima a malipenga. Woimba lipenga lalikulu anayamba kubwerera m'mbuyo. Mumtima a Bertalan anati basi, kwatha, tauni yonse iona zimene wowedza uja anaona, ndipo dzina langa likalembedwa pansi pa bwato, kumene amawerenga achule.

Koma msana wawo utangodutsa pamaso pa a Gedeon, mlamuyo anadzidzimuka ngati wamuthira madzi. Phewa la a Bertalan likutsika, nkhafi ya a Gedeon inatsika. Likukwera, inakwera. Mipalaso isanu yokha anali atafika, n'kugunditsa mphuno ya bwato lawo kumchira kwa bwato la alamu awo, kulikankha pang'ono. Bwato lija linawongoka.

"Maso kutsogolo, hatchi iwe!" anakuwa a Gedeon. "Koka!"

Mawu amenewo a Bertalan anali asanawamve zaka makumi anayi. Thupi linamvera lokha mutu usanafunsidwe. Anakoka. Bwato likati lithawire kumanzere, kumbuyo kunkabwera kakugunda kakang'ono, n'kubwerera m'njira. Mabwato awiri, mphuno kumchira, nkhafi ziwiri kulowa m'madzi nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, mowongoka ngati ajambula ndi rula. Ine ndinalipo, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinalira. A malipenga anasiya kuimba. Achinyamata athu a mamendulo aja anaimirira pa mabenchi.

Kutatsala mamita khumi, a Bertalan anali patsogolo, dzina lagolide lili m'manja. Akanangopalasa katatu. Koma ayi. Anafuna kuona. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, wakutsogolo anacheuka.

Anaona nkhalamba ya dazi, nkhope ili psuu, mitsempha ya m'khosi ili panja, dzanja likupotoza nkhafi pa mpalaso uliwonse, maso ali pa phewa lawo. Anaona kwa kamphindi kamodzi kokha, chifukwa malemu kochi sankanama. Bwato linawalavula. Pogwa anagwira mphuno ya bwato la alamu awo, nawonso chubwi! Pilo wamaluwa yekha ndiye anayandama pang'onopang'ono mpaka kudutsa mzere, ndipo anthu anamuwombera m'manja.

Madala awiriwo anatulukira atagwira bwato limodzi logadabuka, wina mbali iyi wina mbali iyo, akulavula madzi.

"Iwe Gedeon," anatero a Bertalan akupuma mwabefu, "zaka zonse zija unkachita zimenezi kumbuyoko?"

"Mumayesa ndinkawerenga nyuzipepala?"

"Bwanji sunanene?"

"Ndanena Lamulungu lililonse, alamu. Inu mumakhala mukutafuna."

A Bertalan anapukuta madzi kumaso. Kenako anati, "Nanga iwe mfuti sunaimve?"

"Ine mfuti sindinaimverepo chibadwire," anatero a Gedeon, akuyang'ana kumbali. "Ndinkangodikira phewa lanu. Lero ndayang'ana, palibe. Ndinachita mantha, alamu."

Boti lopulumutsa litafika linawapeza akuseka, ena amati akulira, koma pankhope yonyowa ndani angasiyanitse.

Ndiye a Kázmér anagwira mutu: palibe wapambana, tilemba bwanji? Mayi Etelka anapukuta manja pa epuloni n'kunena kuti, "Bwato lili ndi mbali ziwiri. Amuna anga kumanja, achimwene kumanzere, zilembo zofanana. Ndani akufuna msuzi?" Tonse tinati nzeru zake ndi zimenezo, mtendere wafika m'kalabu.

Mtenderewo unakhala masiku anayi. Pa tsiku lopachika bwato, a Bertalan anaima pakhomo paja, n'kupenda, n'kunena kuti, "Tadikirani. Munthu akamalowa aziyamba kuona mbali iti?"

"Ya kumanzere, mwachidziwikire," anatero a Gedeon. "Kuti adziwe amene ankawongolera."

"Iwe, ndinavomera kuti sunali mbatata. Sindinanene kuti unali mfumu."

Mayi Etelka anangonyamuka. Anakwera okha pamakwerero, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, n'kumasula unyolo umodzi mwa awiri amene anapachikira bwatolo, wotsalawo n'kuukoletsa pakati penipeni. Kuchokera tsiku limenelo, chitseko chikangotseguka, kamphepo kamalikankha, bwato n'kumatembenuka: Bertalan, Gedeon, Bertalan, Gedeon.

Awo akhala pakona apo ndi eni akewo, akulimbirana mutu wa nsomba. Masiku ano amapalasa limodzi Loweruka lililonse, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mlendo akafunsa chifukwa chake bwatoli limangozungulira, a Bertalan amati ndi luso la akatswiri a zomangamanga. A Gedeon amangopitiriza kuchotsa minga, n'kunena kuti, "Ayi, lisiyeni. Likuonetsa mmene alamu amayendera ine ndikakhala kulibe."