Nkhondo ya Makutu Awiri a Mtsuko

Tcherani khutu, inu mibadwo ya mawa, pakuti m'chilimwe chija dzuwa linkaphika miyala ya ku Sardinia mpaka abuluzi kuyenda monyang'ama, kunabuka nkhondo pakati pa akadaulo awiri ofukula zakale. Mmodzi ndinali ine, Pulofesa Bachisio Deiana, Mng'ambanthaka, Namondwe wa Fumbi, amene moyo wanga wonse ndinasakasaka chuma cha anthu akale omanga nsanja zamiyala, nthaka n'kumangondipatsa mafupa a mbuzi. Chinali chaka changa chomaliza ndisanapume pantchito, ndipo ndinkaopa, ndithu ndinkaopa, kuti dziko lidzandikumbukira ngati mkulu wa mbuzi uja.

Moyandikana ndi dzenje langa munali dzenje la Dokotala Gavina Puddu, Mkango wa Bulashi, Wokhadzula Mabuku a Anzake. Pakati pathu panali kakhoma ka dothi kamene sitigwetsa mpaka kumapeto, popeza timawerengapo mibadwo ya nthaka. Mwambo wathu umatinso chotulukira m'dzenje lako n'chako, dzina lako ndilo limveke.

Tsono tsiku la tsoka, khutu la mtsuko linasuzumira m'kakhomamo, mbali yanga. Khutu linalo linasuzumira kwa Gavina.

"Mayi inu!" ndinabangula, kafosholo kali m'mwamba ngati mkondo. "Chotsani bulashi yanu pa mtsuko wanga, mibadwo ingakuweruzeni!"

"Wanu uti, a Bachisio?" anatero osadzuka n'komwe. "Mtsuko mumaudziwa inu? Bwererani ku mbuzi zanu, zakusowani."

Nkhondo inakula. Moni anatha, ambulera ya mthunzi tinaikokerana mpaka kuthyoka, magulu athu a antchito ankadya tchizi atafulatirana.

Nthawi yogwetsa kakhoma itakwana, mtsuko unaoneka wathunthu, kukamwa kwake kotseka ndi mwala. Ndani angatseke chonchi chinthu chachabe? Ndinaona kale timafano tamkuwa ndi dzina langa m'mabuku.

"Gavina, mlongo wanga," ndinalengeza ndi ukulu wonse, "nkhondo ithe. Tengani mtsuko. Ine mundisiyire zam'kati zokha."

"Mwatsimikiza, achimwene?"

"Ndalumbira, onsewa ndi mboni."

Tinasuntha mwala. Munali mafupa a mbuzi.

Gavina anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Ine ndinatola fupa limodzi, ndipo zala zinalizindikira mutu usanaganize: mwendo wakumanzere wa kamwana ka mbuzi, wodulidwa mwaluso ndi mpeni wamkuwa. Panalibe wina pachilumba chonse cha Sardinia amene akanadziwa zimenezo. Misozi inalengeza, ya manyazi ndi ya chikondi yomwe.

Mtendere tinaukondwerera pansi pa mtengo wa azitona, ndi vinyo wofiira ndi mbuzi yowotcha. Onse atakhuta, Gavina anatolera mafupa m'mbale imodzi, nagwada, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ndinalandira, n'kuyamba kuwasanja.