Nkhuku Yopanda Nthutumba

Lolemba

Kope latsopano. Mizere ndalemba ndi rula kuti mawu asapendeke.

Nkhani ndi iyi. Ababa akuti Lamulungu likubwerali agamula: ndipitirize ntchito kuno ku boma, kapena ndibwerere kwathu ku Nkhudzi ndizikathandiza Amama kuyanika usipa pa thandala. Akuti mwana wamkazi sangamakhalire kusenda mbatata pamalo ogulitsa zakudya za m'mapepala. Akuti chimenecho si chakudya, n'zonamiza pakamwa.

Ine ntchitoyi ndimaikonda. Ndimakhala kuseri ndi ndowa ziwiri ndi mpeni wanga. Palibe wondiyang'ana, palibe wondifunsa. Madamu, eni ake malowa, amati mbatata yosenda ine sikhala ndi diso ngakhale limodzi.

Ganizo langa: Loweruka ndipite kwathu ndi bokosi lalikulu la nkhuku ndi tchipisi. Mwezi ukatha Madamu amapatsa wantchito aliyense bokosi limodzi, langa sindinatengebe. Banja lidye pamodzi ngati tsiku la Idi. Ababa akalawa aona okha, ine osalankhula kanthu.

Odya: Ababa, Amama, achemwali a Patuma amene ndimakhala nawo kwa Mponda, ndi ine. Anayi.

Zofunika:
1. Bokosi
2. Tomato sosi
3. Kabichi
4. Timapepala topukutira m'manja
5. Kusanjenjemera

Lachiwiri

Ndaimbira Amama nthawi yopuma. Ndawafotokozera pang'onopang'ono monga ndinalembera.

Funso lawo: “Nkhukuyo ndi ndiwo, ndamva. Nanga chodyera ndiwoyo n'chiyani?”

Ndati tchipisi. Kenako akuti mbatata ndi ya m'mawa, yomwera tiyi, ndiye iwo avuwika mpunga kuti anthu asagone ndi njala. Ndawapempha kuti asatero. Mpunga ukaphikidwa, Ababa adzati wawakhutitsa ndi mpunga. Akuti amva. Mmene anenera “ndamva” mwakemo sindikukhulupirira.

Madzulo achemwali awonjezera zawo. Akuti nkhuku ya chisangalalo imayamba ndi kuthamangitsidwa pabwalo, imalira, oyandikana nawo nyumba amamva, nthenga zimaoneka kudzala. Nanga iyi yobwera mwakachetechete m'bokosi, adziwa ndani kuti kwathu kwa a Saidi kunadyedwa nkhuku?

Yankho landibwerera ndikutsuka mbale, iwo atalowa kale m'bafa.

Lero ndasiya maso awiri pa mbatata imodzi. Madamu sanaone. Ine ndaona.

Lachitatu

Uthenga wochokera kwa Ababa, kudzera kwa Amama: “Anachinja ndani?”

Sindikudziwa! Miyezi isanu ndili pano, sindinaganizepo. Nkhuku zimabwera m'makatoni, zodulidwa kale, zouma gwa ngati miyala. Ngati sinachinjidwe mwa Chisilamu, Ababa sayandikira n'komwe mkeka.

Ndiyenera kufunsa Madamu. Mawu ndawakonza: “Pepani Madamu, kodi nkhukuzi amachinja ndani?”

Ulendo woyamba: ndafika pakhomo, ndabwerera.
Wachiwiri: anali pa foni. Ndathokoza mumtima.
Wachitatu: anditembenukira, ndipo ndawafunsa nthawi. Wotchi ili pakhoma pomwepo.

Andipulumutsa ndi a Mdoka, bambo amene amakazinga. Andionetsa chidindo pa katoni, chozungulira, cha zilembo za Chiarabu. Ndachikopera m'kope mosamala, kadontho kalikonse, kenako achemwali ajambula ndi foni n'kutumiza kwa mjomba, malume athu, kuti akaonetse Ababa.

Yankho la Ababa lafika dzuwa lisanalowe: “Katoni imatha kunena Bismillah?”

Komabe akuti mawa akafunsa a shehe.

Lachinayi

M'mawa. A shehe akuti chidindo chikakhalapo palibe choletsa. Alhamdulillah. Ndasenda ndowa yonse ndikuimba chamumtima.

Masana. Chimwemwe chatha. Amama aimbanso, nkhani zina ndi zina, ndiye pomaliza, ngati kanthu kakang'ono: “Usaiwale nthutumba ya abambo ako.”

Nthutumba!

Kwathu nkhuku ikaphikidwa, nthutumba imapita m'mbale ya Ababa. Ikasowa, mbale imabwerera kukhitchini osakhudzidwa. Zinachitikapo ndili sitandade folo. Palibe anaulula, ndipo nkhuku yonse inakadyedwa kwa azakhali, ife tikumva fungo.

Ndafufuza m'makatoni onse atatu mpaka zala kuchita dzanzi:
miyendo, ilipo
ntchafu, zilipo
mapiko, ambirimbiri
khosi, palibe
nthutumba, palibe

A Mdoka akuti nkhuku za mumzinda sizikhala ndi nthutumba chifukwa sizidya miyala. Aseka okha mpaka kutsokomola. Sindikudziwa ngati akunena zoona, ndipo sindifunsa.

Poweruka ndadzera kumsika. Kuli bambo wina wovala kofiya amene amachinja yekha nkhuku zake. Ndaima pambali mpaka ogula onse atachoka. Andigulitsa nthutumba imodzi yaikulu bwino, akundiyang'ana ngati ndikupita nayo kwa sing'anga. Ndabwerera kuntchito, ndaikulunga m'pepala, ndalembapo dzina langa kawiri, ndaiika m'firiji kuseri kwa kabichi.

Kodi kumeneku n'kunamiza Ababa? Nthutumba ndi ya nkhuku. Sindinena kuti ndi ya nkhuku iti.

Lachisanu

Nthutumba palibe.

Pepala lili pamwamba pa firiji, lopindidwa bwinobwino, dzina langa likuoneka. A Mdoka akutokosa m'mano. Akuti amayesa ndi basela wa m'katoni. Ndati palibe kanthu.

Kanthu kalipo!

Ndapita kuseri, ndasenda mbatata mpaka yatsala ngati dzira la njiwa.

Cha m'ma 2 koloko Amama aimba. Ababa potuluka mumzikiti auza anzawo kuti mwana wawo akubweretsa chakudya cha ku boma. Sindikudziwa ngati ananena monyadira kapena moseka. Amama akuti nawonso sakudziwa, nkhope inali imodzimodzi ya masiku onse. Tsopano mjomba akubwera ndi akazi awo. Azakhali amva. Anzawo awiri a Ababa a pa bawo akuti angodutsa.

Odya: asanu ndi anayi.
Zidutswa za nkhuku m'bokosi: zisanu ndi chimodzi.

Ndawerenga katatu, sizikusintha. Ine sindidya. Achemwali ndawapempha kuti anene kuti dzino likuwawa. Akana.

Kumsika kachiwiri. Bambo wa kofiya anali akutsuka kale mipeni. Yotsala inali imodzi, ya kankhuku kachikuda, yaing'ono ngati chala chachikulu. Ndatenga. Ndaiwiritsa ndi mchere kwa achemwali, ndaiika m'kapu, mbale pamwamba, mwala pamwamba pa mbale. Kapu ili pansi pa bedi langa.

Loweruka

10 koloko. Bokosi lili m'manja, lotentha, lonunkhira. Madamu andisankhira okha zidutswa, akuti zabwino zokhazokha. Ndalephera kutsegula pamaso pawo. Nthutumba ndailowetsa pakona pa bokosi nditatuluka.

11 koloko. Tili m'minibasi ine ndi achemwali. Siikunyamuka. Kondakitala akuti kwatsala anthu awiri.

12 koloko. Kwatsalabe anthu awiri. Fungo ladzaza galimoto. Mayi wa pambali panga wafunsa ngati kuli ukwati. Mwana wake wakumbuyo akuyang'ana bokosi osaphethira. Ndaliphimba ndi chitenje. Mafuta adutsa bokosi, adutsa chitenje, afika pa diresi.

Pa msewu tinaima paliponse pamene panali munthu, ngakhale wongokhala pansi pa mtengo.

Madzulo. Ndikulemba kuseri kwa khitchini.

Tafika cha m'ma 2. Pa mikeka anthu khumi ndi mmodzi, sindikudziwa awiri enawo anachokera kuti. Tchipisi zazizira, zalefuka, zamatirirana ngati zikuopa. Kabichi walira madzi. Amama angotenga tchipisi n'kukazitenthetsa pa moto. Kumeneko ndaona poto wa mpunga ataphimbidwa ndi lichero. Ndayang'ana kumbali.

Ababa asamba m'manja. Atsegulanso bokosi okha. Ayala zidutswa m'mbale, chimodzichimodzi, monga amayalira chambo pogulitsa.

Mwendo. Mwendo. Mwendo. Mwendo. Mwendo. Phiko.

“Miyendo isanu,” atero Ababa.

Mjomba: “Ndiye anaigwira bwanji, alamu? Imeneyi inkathamanga kuposa njinga.”

Anthu aseka mpaka azakhali kugwira nthiti. Ababa sanaseke. Apeza nthutumba, ainyamula ndi zala ziwiri, aiyang'ana uku ndi uku, ayang'ana miyendo ikuluikulu ija, ayang'ana ine.

“Iyi ndi mlendo m'bokosi muno.”

Ndimafuna nthaka itseguke. Koma aidya. Adyanso mwendo wathunthu, ena akugawana. Tchipisi adya mwakachetechete, imodzi, ina, ina, osaleka, mpaka Amama awakumbutsa kuti pali alendo. Mjomba ang'amba kapaketi ka tomato sosi n'kunyambita mkati. Timapepala topukutira m'manja Amama atisunga m'kabati, akuti n'toyera kwambiri.

Mtima unayamba kukhala pansi. Ndimati zatheka.

Kenako Ababa akankha mbale yopanda kanthu. “Chabwino, talawa. Tsopano bweretsani chakudya.”

Mpunga wabwera. Wadyedwa wonse.

Lamulungu

Ababa andiitana pakhonde tiyi atatha. Amama pambali, mjomba pa mpando, ine pansi, maso pa mkeka.

Chigamulo chili pawiri.

Choyamba: si chakudya cha banja. Akuti chakudya cha banja chimaphikidwa ndi moto wa pakhomo, ndipo munthu amadziwa kuti nkhukuyo inali ya ndani. Ichi n'cha anthu a paulendo ndi amuna amene akazi awo ali kutali.

Chachiwiri: n'chokoma. Anena okha, pamaso pa mboni. Akuti alovi, anyamata okoka makoka aja, akatuluka m'madzi m'mawa, ozizidwa, anjala, angalimbirane zimenezi. Ndiye mwana wawo azisenderanji mbatata anthu ena ku boma, luso lonselo? Mjomba ali ndi chiwaya chakale kuseri kwa nyumba yawo, changofunika kukwecha dzimbiri. Achiika pafupi ndi thandala la Amama, panjira pamene aliyense amadutsa. Wosenda ine. Wokazinga ine. Woitana ogula ine.

Andilola kumaliza mwezi uno kwa Madamu, kuti ndiphunzire bwino kwa a Mdoka kathiridwe ka mafuta.

Afunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinali nawo ambiri. Ndati ayi.

Amama akuti ndasangalatsa abambo anga kuposa mmene ndikudziwira. Mwina n'zoona. Ndikanadziwa, ndikanazisiya tchipisi zija zozizira, Amama osazitenthetsa.

Mawu okauza Madamu mawa ndawalemba kumapeto kwa kope. Ndafufuta kanayi. Mwina Lachiwiri.

Mjomba akuti pa chiwaya munthu sakhala chete, ndiyambiretu kuzolowera kukuwa kuti “Zotentha! Zotentha!” Ndapita kuseri kwa nyumba, ndaonetsetsa kuti kulibe munthu, ndayesa kamodzi ndi mphamvu zanga zonse.

Mbuzi inali pomwepo. Sinadzutse n'komwe mutu.