Mmene Ndinagwetsera Madala Atatu pa Maliro

Anzanga, sekani ngati mukufuna, pakuti mudzi wathu wonse wa Kanakantapa unaseka kale, ngakhale aja amene samandipatsa moni.

Ine Lazaro Phiri ndinalima fodya kwathu kummawa ku Katete mpaka msana unapindika, ogula akundibera pa sikelo chaka ndi chaka, ndipo kuno ndinafika ndi khasu ndi chifuwa basi. Kusuta ndinayamba ndisanamere ndevu. Tsono mwana wanga Esinati, amene ndi namwino ku Lusaka, anabwera kudzatiwona, anandimva ndikukhosomola, n'kundilanda thumba langa la fodya ngati ndine kamwana kogwidwa ndi shuga. M'malo mwake anandipatsa kachitsulo konga cholembera, akuti vepu. Umathiramo timadzi, umakoka, kamatulutsa utsi popanda moto. Utsi popanda moto! Mpaka lero sindimvetsa.

"Atate," anatero, "nikakupezani futi na fodya yopichila, nizakutengani ku Lusaka. Muzankhala pa sofa, munda tizapasa ena."

Ku Lusaka ine? M'nyumba ya m'mwamba ija, imene chimbudzi chinayandikana ndi pophikira? Ndinalonjeza msangamsanga.

Patapita masabata atatu kachitsulo kaja kanayamba kununkha ngati nsanza yopsa. Ndinayesa ndi malaiti, ndinakatchajitsa kawiri kwa ometa tsitsi, osathandiza. Mkazi wanga ndiye anaona kuti timadzi tatha. Kumuuza Esinati sindinafune, chifukwa iye anati kabotolo ka timadzi kamene anandisiyira n'ka miyezi iwiri. Ndinangokwera minibasi wa ku Chongwe mwakachetechete.

Pa boma ndinazungulira ndi kabotolo kanga m'manja. Ogulitsa mbewu anandionetsa dipi wa ng'ombe. Ogulitsa mankhwala anandipatsa a m'maso. Potsiriza mayi wina wogulitsa mafoni anakazindikira.

"Izi ni za pa intaneti, ba shikulu. Mulipila pa foni, bamutumizilani na basi."

"Sitolo yake ili kuti?"

"Ilibe malo. Ili mu foni."

"Nanga akandibera ndikagwira yani pakhosi?"

Anaseka, nandionetsa mtengo. Kabotolo kochepa ngati chala, mtengo wa atambala awiri! Ine amene fodya wanga ankamutcha zinyalala pomugula, lero andigulitse yemweyo atamusandutsa madzi? Ndinawapempha mayiwo kuti andiwerengere zolembedwa pa botolo, poti ine sukulu ndinalekera pa zilembo zikuluzikulu. Anati muli gilisalini, nikotini, ndi zonunkhiritsa. Nditafunsa za nikotiniyo anati ndi mphamvu ya mu fodya.

Basi? Zimenezi basi? Gilisalini mkazi wanga amadzola m'miyendo tsiku ndi tsiku. Fodya ndinali naye mitengo itatu kuseri kwa khola la mbuzi, imene Esinati sanaione. Ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati mwini fakitale.

Mayi a kunyumba atapita ku kwaya, ndinatenga masamba ouma, aja akuda amene amayetsemulitsa ndi galu yemwe, ndinawawiritsa m'chitini mpaka madzi anada ngati phula. Ndinasefa ndi mpango, ndinakhuthuliramo gilisalini yense, ndipo pofuna fungo ndinafinyiramo gwafa wakupsa. Ndinaona ngati zachepa mphamvu, ndinaonjezera fodya wa m'mphuno. Nanga muyeso wake ndikanaudziwira kuti? Ndinadzaza kachitsulo, koma pofuna kulawa kanakana kuyaka. Moto wa m'batire unali utatha, ndipo malaiti anali atapita masiku awiri.

M'mawa mwake kunali maliro a mkulu wina wa kwathu kummawa. Panyumba ya siwa panali sola, ndiye ndinakalumikiza kachitsulo kanga pakati pa mafoni a anthu. Dzuwa litakwera, amuna tili pansi pa mtengo kudikira bokosi, ndinakatenga kuti ndikokeko pang'ono.

Mukudziwa inu chimbuya chathu ndi Abemba. Pa maliro a munthu wa kummawa iwo ndiwo eni bwalo: akupaka ufa kumutu, akunyoza, akulanda chimene wanyamula, iwe osakwiya. Ndiye panali a Mulenga, amene anapuma ntchito ya njanji, oyandikana nawo munda. Mbuzi zawo zinandidyera repu wonse wa m'dimba chaka chatha, ndipo mudzi wonse unandimva ndikukuwa kuti, "Mudzaona!"

"Ba Phiri," anatero a Mulenga, "nanga ichi n'chani? Mwayamba kuwochela mbeba na malaiti?"

"Bwezani kuno, inu odya anyani!"

Anali atalanda kale. Anakoka kamodzi, kukoka kwa munthu wofuna kumaliza cha mnzake. Utsi sunatuluke bwino, kachitsulo kanangolira ngati chule. Maso a bambo aja anafiira, misozi mbwembwembwe, koma Mbemba angavomere kuti wagonja pamaso pa wa kummawa? "Chili bwino sana," anatero ndi mawu a mbuzi, napatsira a Tembo, msungichuma wa mpingo wathu. A Tembo nawo anakoka kawiri.

Kenaka a Mulenga anayamba ntchirichiri. Thukuta kamukamu. Anaimirira, anafunsa kuti mtengo ukuzunguliranji, n'kugwera m'maluwa a malemu. A Tembo anathamangira kuseri kwa nyumba atagwira kukamwa, koma sanafike. Wina anafuula kuti, "Agwa!" ndipo azimayi m'nyumba, osadziwa amene wagwa, anayambitsa maliro atsopano.

Ine ndinangoima, ufa kumutu, osamvetsa kalikonse. Kodi ndi gwafa? Kodi gilisalini anali wakale?

Akazi a Mulenga anatuluka chitenje chili m'manja. "Ni aba! Benze banakamba kuti muzaona! Bamupasa poizoni pa nkhani ya repu!"

"Mayi, ndi fodya chabe, ndaphika ndekha."

"Mwamvela? Baphika beka!"

Mkulu wa mpingo anatembenukira kwa ine. "A Phiri, inu ndinu munthu wamkulu. Wopereka chakumwa amayamba walawa yekha. Munalawa?"

Ndikanati chiyani? Kuti malaiti anapita? Anthu anali atandizungulira, ena atatchula kale za polisi. Ndinatola kachitsulo kaja m'fumbi, ndinakapukuta pa jekete, ndinati, "Onani nonse." Ndipo pofuna kuti asakayike, ndinakoka katatu.

Anzanga, ndasuta fodya wa mtundu uliwonse, koma uja sanali fodya, anali chilango. Ndinamva ngati ndameza khasu lamoto. Makutu analira, nthaka inapendekeka, ndipo chomaliza chimene ndikukumbukira ndi mawu a munthu wina akuti, "Alibe mulandu, nayenso wagwa."

Galimoto inalipo imodzi yokha, ija yobwera kudzanyamula bokosi. Anatikweza atatu kumbuyo, ine pakati, mutu wa a Mulenga uli pa phewa langa, malemu n'kutsala akudikira. Ku chipatala namwino anandifunsa chimene tamwa. Nditafotokoza anaitana mnzake kuti ndibwerezenso. Anati madzi a fodya otero amapha, tapulumuka chifukwa kachitsulo kanatsekeka ndi gwafa. Kenaka anawerenga dzina langa, nati, "Phiri wa ku Kanakantapa? Ndimwe atate ake a Esinati? Tinaphunzila pamozi!" Ndinamupempha ndi manja awiri, koma foni inali kale kukhutu.

Esinati anafika madzulo ake. Ine ndinali nditatsanzikana kale ndi munda wanga mumtima. Anaima kumiyendo kwa bedi, anandiyang'ana, anayang'ana a Mulenga ndi a Tembo, napuma mozama.

"Nditenge jekete?" ndinafunsa. "Tipita liti?"

"Kuti? Ku nyumba kwanga?" anatero. "Atate, kuja kuli ana, kuli stovu, kuli maneba. Nkhalani kwamene kuno, kumene anthu akudziwani kale."

Ndi mmene ndinapulumukira Lusaka. Koma lero ndikapereka ngakhale nsawa zokazinga, munthu amabisa manja kumbuyo mpaka nditatafuna ndekha n'kudikira pang'ono. Ndipo ndalumbira: chinthu chilichonse cholembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono, sindidzachiphikanso.