Mayina Anayi Opita ku Lisbon

Lolemba

Zoyenera kukonza tisanachite china chilichonse:

1. Mayina. Alamu anga a Fabiano, mlongo wake wa mkazi wanga, amene amagwira ntchito pa hotela ku Lisbon, atiitana kuti tikaone mzinda. Akuti angathe anthu anayi basi. Mayina awapeze pofika Lamulungu kuti alembe kalata yotiitanira. Popanda kalatayo palibe viza. Anayiwo: ine, mayi a Tamanda, ndi ana athu, Tamanda ndi Yamikani.
2. Mapasipoti. Amene ali nayo ndine ndekha. Chiitengereni ili m'sutikesi, sinadindidwepo ngakhale pa malire a Muloza.
3. Ulendo ugwe pa holide, apo ayi a hedi akana.
4. Majekete. Pa kaunjika pa Chiringa, tsiku la msika.
5. Mbuzi, nkhuku, munda wa mpunga ku Chilwa. Wosunga ndani?
6. Pakamwa! Asadziwe munthu mpaka mayina atapita.

Zaka zonsezi ndikujambula Ulaya pa bolodi ndi choko choduka, ana akuyasamula. Tsopano ndikamuona ndi maso anga. Ndondomeko ndalemba kale m'kope latsopano: linga lakale pamwamba pa phiri, nsanja ya pamtsinje pamene zombo zinkanyamukira, kasitima kachikasu koyenda m'misewu, nyumba ya nsomba zamoyo m'magalasi chifukwa cha Yamikani.

Mayi a Tamanda awerenga nambala 6. "Ndiye amayi akamvere kuchigayo?" Akuti tingowadziwitsa. Kungowadziwitsa basi.



Lachiwiri

Kwa apongozi. Si kutali, nyumba yathu ndinamanga pa malo awo omwe, kuno kwa Kaduya. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, kuno ndinabwera ndi ntchito, ndiye pamudzi pano ndine mkamwini. Ndakhala chapatali, chammbali, maso pa zala za kumapazi, monga mwa ulemu. Mayi a Tamanda ndiwo akulankhula.

Apongozi khutu likuwavuta, koma mawu oti "Fabiano" ndi "ndege" awamva kamodzi.

"Mwana ndinabala ine, mimba inapweteka ine, kokamuona apite ena?"

Apongozi akupitiriza.

"Agogo anga anathawa mbalamatodya ya Apwitikizi, thabwa lomenyera m'manja lija, manja otupa, mpaka kudzafika kuno. Ndikaone kumene inkachokera ndisanafe."

Mawu oti "ndisanafe" alibe yankho. Ndawafufuzira yankho njira yonse yobwerera, palibe.

Apongozi akwera pa mndandanda, watsika ndi Yamikani. Akuti ndi wamng'ono, adzapita akadzakula. Sanalire. Wangofunsa ngati nsomba zija zidzakhale zikadalipo.

Ndafufuta nyumba ya nsomba. Ndafufutanso linga, mawondo a apongozi sangakwere. Zowonjezera: mankhwala a BP, mafuta otikitira, mpando wa m'mphepete pafupi ndi chimbudzi cha m'ndege.

Lachitatu

Mmawa ndikutsuka mkamwa, njinga pakhomo. A Nampinga, malume ake a mkazi wanga, mwinimbumba. Sindinawaitane. Nambala 6 yafa.

"Aphunzitsi, ndamva mukufuna kuwolotsa mbumba yanga nyanja ine ndili m'tulo."

Ndikufotokoza kuti timabwera kudzawauza. Akuti akudziwa, ndi chifukwa chake atipeputsa ulendo. Mlongo wawo, mwana wa mlongo wawo, onse kunja popanda mwini? Wina akadwala kumeneko, adzafunsidwa ndani? Ndiponso Chipwitikizi amachidziwa, anagulitsapo nandolo ku Milanje, ku Mozambiki, ali mnyamata. Andiwerengera mpaka pa faifi kuti ndikhulupirire. Pa folo anakayikira.

Watsika ndi Tamanda. Womuuza ndine. Mwana anali atauza kale kalasi yonse, ndiye kuti nambala 6 inafa kalekale. Watseka chitseko. Chakudya chabwerera momwe chinapitira.

Zofufuta: sitolo ya mabuku imene ndinalembera Tamanda. Zowonjezera: pasipoti ya a Nampinga, amene chitupa chawo chinanyowa ndi madzi osefukira ndipo nkhope yake ikuoneka ngati mbatata.

Mutu ukupweteka mbali imodzi. Ndaona pa foni tanthauzo lake. Sindikanaona.

Lachinayi

Maliro kumudzi wa kutsidya. Ndapita nditaweruka. Kumanda anthu akundipatsa moni ndi manja awiri. Wina wandinong'oneza pepani wa maliro ndi "muyende bwino" mpweya umodzi.

Pobwerera abambo andizungulira, akufunsa za Lisbon. Ndaona mpata. A Nampinga ali pomwepo, ndiye ndati aone okha kuti ulendowu popanda ine sungayende. Ndafotokoza zonse. Mapiri a mumzinda. Mlatho wautali wofiira. Misewu yoyalidwa timiyala toterera mvula ikagwa. Potsikira kasitima, pokwerera china. Ndajambula mtsinje pansi ndi kamtengo, ndi polowera m'nyanja pomwe.

A Nampinga akugwedeza mutu. "Koma aphunzitsiwa! Ngati anabadwira konko."

Ndabwerera ndi mtima wopepuka koyamba sabata ino.

Kunyumba ndapeza zoti tikapatse a Fabiano, zochokera kwa abale:
matemba a ku Chilwa, thumba;
nandolo;
kalongonda, nyemba zija za kuno, wophikaphika kale (ulendo uli miyezi kutsogolo!);
ufa woyera;
tambala wamoyo, womangidwa miyendo.

Ndauza mayi a Tamanda kuti nsomba pa bwalo la ndege akalanda. "Kawauzeni nokha amene abweretsawo."

Lachisanu

Tamanda sakudyabe. Apongozi amva. Atumiza mawu: iwo sangayende popanda mdzukulu wawo. Wowagwira dzanja pa masitepe oyenda okha ndani? Wowathandiza kubafa ndani? Mwana wawo ali ndi mtima wapachala, ndipo mkamwini sangayandikire n'komwe.

Tamanda wakweranso. Wadya mbale ziwiri.

Ndawerengera pa pepala, ndawerengeranso pa zala. Apongozi, a Nampinga, mayi a Tamanda, Tamanda, ine. Asanu.

Ndatumiza uthenga kwa a Fabiano. Yankho: "Anayi alamu. Mugwirizane konko, ine za kumudzi sindilowerera." Ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Ndafunsa mayi a Tamanda maganizo awo. Akusankha mpunga m'lichero. Akusankhabe. Mpunga umenewo unali wosankha kale.

A Nampinga aitanitsa bwalo la banja mawa.

Kalongonda wayamba kununkha. Tambala wamasuka, wagona pa kope langa.

Loweruka

Pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi. Andipatsa mpando wokhala ndi chotsamira. Chibwerereni kuno sanandipatsepo mpando umenewu. Ndadziwiratu.

Ndabwera ndi mfundo zanga zolemba bwino: pasipoti ndili nayo, Chingerezi ndimatha, mapu ndimawerenga. Sanandikanize kulankhula. Amvetsera mpaka kumapeto, ena mpaka kuwomba m'manja.

Kenako matamando. Akuti pamudzi pano munthu wosamala ngati ine palibe. Mbuzi kusiyira wina, mupeza zingwe zokha. Mpunga ukacha mbalame ndi akuba salekerera. Nanga Yamikani, mwana angatsale wopanda kholo? Palibe amene watchula mawu oti "mutsale". Angondiyala bwinobwino ngati mphasa.

Omaliza a Nampinga: "Komanso aphunzitsi Lisbon anamuona kale. Dzana lija tonse tinamva, mpaka mtsinje anatijambulira. Kungakhale kuwononga malo. Apite amene sanaone."

Onse: "Eeee."

Ndayang'ana mayi a Tamanda. Akukonza duku.

Ndathokoza chifukwa cha chikhulupiriro. Inde, ndathokoza! Pakamwa panga pomwe!

Lamulungu

Kutchalitchi atipempherera apaulendo. Anditchula nawo, chifukwa abusa nkhani ya dzulo sinawapeze. Ndaimirira. Nanga ndikanatani?

Masana ndalemba mayina anayi, zilembo zikuluzikulu, ndawafananiza ndi zitupa kawiri kuti viza isadzakanidwe chifukwa cha ine. Ndatumiza.

Ntchito zotsala ndi zanganso, poti wodziwa njira ndine: kuwaperekeza ku Blantyre kukapangitsa mapasipoti, kuwajambulitsa zithunzi, kuphunzitsa apongozi kusaina mofanana kawiri. Jekete ndinadzisankhira lija lawakwana a Nampinga ngati anawayeza.

Kope ndapatsa Tamanda. Ndabwezeretsamo nyumba ya nsomba, ndamuuza akajambule zambiri zodzaonetsa mlongo wake. Pasipoti yabwerera m'sutikesi. Kalongonda ndakwirira kuseri. Tambala tadya ine ndi Yamikani, a Fabiano sadzadziwa.

Ndawalemberanso uthenga wina, wandekha:

"Alamu, mayina mwawaona. Langa mulibe, palibe mlandu. Koma anthu anayiwo, matemba, nandolo ndi ufa, pafunika wonyamula. Ngati kumeneko amalola munthu wachisanu woyenda pambuyo ndi katundu, sindidya zambiri ndipo pansi ndimagona. Mbuzi ndipeza wosunga. Chonde yankhani msanga, a Nampinga asanamve kuti pali malo ena."