Amalume Alowa mu Gemu

Lolemba

Chigamulo chatuluka pa tiyi wam'mawa. Lamulungu likubwerali ndikupita ku Phalombe kukayang'anira chigayo cha banja. Ine! Munthu woti ndinafika mpaka chaka chachitatu ku yunivesite, ndizikafunsa anthu kuti, “Mgaiwa kapena woyera?”

Maganizo anga sanafunsidwe. Amalume ndiwo eni mbumba, mayi anga ndi mlongo wawo, ndipo ndimagona m'kachipinda kawo kakuseri kuno ku Chilomoni. Angoti: “A Pulofesa, mpunga wa m'nyumba muno mwaudya mokwanira. Pikapu ya a Dikoni ikupita kumudzi tikaweruka ku tchalitchi. Mukwere.”

Gwero la mavuto onsewa ndi penshoni. Asanapume ntchito ankachoka m'mawa n'kubwera madzulo, ine ndili ngati mpando wa pakona, wosaoneka. Tsopano ali pakhomo tsiku lonse. Moyo wawo wonse akhala akulamula madalaivala a boma, iwo osadziwa ngakhale kuliza galimoto. Lero madalaivala kulibe, ndiye akulamula ife.

Anti, akazi awo, nawonso zawakwana. Dzulo anawapeza akuvundukula mapoto kuti aone ngati nyemba zikupsa mwadongosolo. Andinong'oneza kukhitchini: “Iwe ndi makompyuta akowo, sungawapezere chochita amalume akowa? Andipengetsa.”

Pomwepo nzeru yabwera. Munthu akalowa mu gemu amaiwala kudya, amaiwala kusamba, amaiwala dzina la tsiku. Ena amati n'zimene zinandichotsa ku yunivesite. Bodza! Anali malekichala ansanje.

Pulani: Amalume alowe mu gemu, aiwale Phalombe.

Osati magemu a mpira kapena othamangitsa magalimoto, aja a ana a m'mavidiyo. Enieni: aja umayamba ndi kudzipangira munthu wako, nkhope, dzina, ntchito, khalidwe, kenako n'kulowa naye m'dziko lalikulu kukachita zimene mtima wako wafuna. Kumeneko palibe amene amakufunsa kuti, “Kodi paja munamaliza?”

Lachiwiri

Laputopu yanga ili patebulo la pabalaza. Ndawasankhira magemu atatu, onse apamwamba, oti munthu wina ndikanamulipiritsa pongomutchulira.

1. Ya m'mlengalenga. Ndiwe kaputeni wa chombo, ukuyenda pakati pa nyenyezi, umasankha wekha kukhala wachifundo kapena wankhanza. Akana. “Kumwamba kuli mwini wake.”

2. Ya dziko litapsa ndi mabomba. Kutola zitsulo zakale, kumwa madzi okayikitsa, kuthawa agalu. Akana. “Zimenezo ndingakaonere ulere kuseri kwa msika.”

3. Ya malupanga, mapiri ndi timidzi. Ayang'anitsitsa phiri lake nthawi yaitali. “Ngati kwathu.” Avomera!

Tsopano kupanga munthu. Anthu abwinobwino amapanga chimene sali. Wanga ine ndi wamtali, wa tsitsi la siliva, woopedwa m'maufumu onse. Amalume ayi, akufuna iwo eni. “Ndibisirenji nkhope? Ndalakwa chiyani?”

Tsiku lonse lathera pamenepo. Dazi likule. Mphuno ichepe. Ayi, ibwerere. Ndevu zapamlomo zidulidwe mwaulemu. Mimba yokwanira gemu ilibe, ndipo akuti opanga ake sanaonepo munthu wolemekezeka. Anti aitanidwa kudzachitira umboni. Ayang'ana kamodzi kokha: “Makutu uwonjezere.” Dzina Amalume andilembetsa lenileni, mayina onse atatu.

Ntchito ya munthuyo:

wakuba: “Ndine mkulu wa mpingo.”
wamatsenga: andiyang'ana mpaka ndawerama ndekha.
woimba: “Ntchito ya anthu othawa banja.”
msilikali: “Ndimenyane ndi ndani? Sanandiyambe.”

Mapeto ake, mphamvu zonse zimene gemu imapereka poyambira taziunjika pa luso la kulankhula. Nyonga, ziro. Liwiro, ziro. Ndawachenjeza kuti kutchireko kuli mimbulu ndi achifwamba. Akuti palibe nkhani yokanika kukambirana.

Mausi ya laputopu sakuigwira n'komwe. Akokera mpando kumbuyo kwanga, chakumanzere, akhala, manja pamimba. “Tiyeni, dalaivala.”

Phalombe sanatchulidwe tsiku lonse. Ndine katswiri, ndipo yunivesite ija inataya munthu!

Lachitatu

Tidakali m'mudzi woyamba. Mudzi woti wosewera aliyense amaudutsa tiyi asanazizire.

Zifukwa zake:

Moni kwa aliyense. Aliyense! Ngakhale mlonda wa pageti amene amangobwereza mawu omwewo. “Mufunsenso, mwina pano ali ndi zina.”

Pakhomo lililonse tiime, iwo akonze kukhosi, anene “Odi!” mokweza, kuuza laputopu, kenako tidikire. Mu gemu palibe amene amayankha. Ndiye sitilowa. Nyumba imodzi yokha talowa, chifukwa Anti ayankha ali kukhitchini kuti, “Lowani!”

Mabokosi ndi mitsuko ya m'nyumba za anthu, mmene muli mankhwala ndi zida, osagwira. Ndafotokoza kuti zinaikidwa dala kuti titenge. “Akuba onse amatero.”

Kuthamanga, ayi. Munthu wamkulu sathamanga pamsika, anthu angaganize kuti waba.

Chabwino chimodzi: tapeza wotiperekeza, chimunthu chamapewa, cha nkhwangwa yaikulu, dzina lake lopota lilime. Amalume amutcha Laisoni, dzina la dalaivala wawo wakale amene sanachedwepo. Amufunsa za kwawo, ndipo gemu ili ndi yankho: mkazi, ana, kamudzi kutsidya kwa mapiri, kumapeto kwenikweni kwa mapu. Amalume agwedeza mutu. “Munthu wapabanja uyu. Timusamale.”

Pofuna kupulumutsa msana wanga ndawaonetsa njira yachidule: udina pamapu pamene ukufuna, chithunzi chida pang'ono, basi wafika. Adzidzimuka mpaka mpando walira. “Wachoka pano, wapezeka uko, osakwera kanthu? Limenelo ndi lichero la afiti! M'nyumba mwanga muno ayi.”

Tiziyenda wapansi.

Khosi likuwawa, maso akuyabwa. Koma za Phalombe, zii!

Lachinayi

Magetsi azima m'mawa. Batire la laputopu yanga limakhalitsa ngati lonjezo la wandale. Amalume azungulirazungulira pabwalo akuyang'ana mawaya, ine mtima uli m'mwamba kuti angakumbukire. Mwamwayi ayaka masana.

Tatuluka m'mudzi, mpaka pamlatho. Pamlathopo achifwamba. Malangizo anga: tibisale kuseri kwa mwala, Laisoni awazembere. Malangizo awo: “Ayi. Imani pamene angationepo. Afunseni kwawo n'kuti, makolo awo ndani.”

Gemu yapereka mayankho oti tisankhepo. Asankha lalitali kwambiri, n'kuwonjezera awoawo apakamwa, za ulemu wa ntchito yamanja ndi ubwino wolima nandolo. Achifwamba sanadikire mfundo yachiwiri.

Laisoni waima kutsogolo kwathu. Wagwetsa onse, koma womaliza wamulasa pachifuwa. Wagwa pamlatho pomwepo. Wapempha kuti wina akauze mkazi wake. Wafa.



Ndati si nkhani iyi, gemu ndinaisunga tisanafike pamlatho, tingobwerera m'mbuyo pang'ono, Laisoni adzuka bwinobwino. Aliyense amatero. Ine ndimatero kangapo patsiku.

Amalume avula magalasi. “Munthu wafa pamaso panga, chifukwa cha mawu anga, iwe ukuti tiyerekeze ngati sizinachitike? Akufa adzauka tsiku lomaliza, osati Lachinayi.”

Atseka laputopu ndi dzanja lawo. Koyamba kuigwira.

Lachisanu

Maliro. Sindikunama!

Lero gemu kulibe, wailesi kulibe. “Sitisewera mtembo uli m'nyumba.” Laputopu yafunditsidwa nsalu ya patebulo, ija ya maluwa yoyalira alendo. Anti afunsa ngati tiike masamba pamsewu kuti magalimoto azidutsa pang'onopang'ono. Afunsa atayang'ana kukhoma, mapewa akugwedera. Amalume sanaseke.

A NyaGondwe, mayi oyandikana nafe, aona kuti pakhomo pali phee, afunsa kumpanda, Amalume awauza kuti tataya munthu. Posakhalitsa afika atamanga chitenje, kambale ka ufa m'manja. Anti awatengera kukhitchini kukawafotokozera. Atuluka akupukuta misozi, koma osati ya chisoni. Ufawo abwerera nawo.

Choipa kwambiri n'chakuti munthu wopanda chochita amakumbukira. Chakumasana: “A Pulofesa, chikwama chija mwalongedza?”

Aimbira a Dikoni. Pikapu ilipo. Malo anga alipo, kumbuyo, pamwamba pa matumba a fetereza. Anditulutsira ovolosi yabuluu imene anaigula kalekale osandiuza. Yandikwana ndendende. Chipongwe chake n'chimenecho, kuti yandikwana!

Pulani yanga yafera pamlatho limodzi ndi Laisoni. Ndikudziona kale: woyera mbuu ndi ufa mpaka nsidze, azimayi ali pamzere ndi madengu, akugundana zigongono: “Si uja anapita ku yunivesite uyu?” Netiweki yochita kukwerera pachulu. Dizilo m'mphuno mpaka kufa.

Ndikanawasankhira ya m'mlengalenga ija mokakamiza. Kumeneko kulibe milatho.

Loweruka

Ndalongedza. Malaya, nsapato, bulangeti. Pomaliza ndapita pabalaza, ndavundukula laputopu, ndayamba kukulunga chingwe chake.

Amalume: “Imeneyo ikupita kuti?”

Ndawakumbutsa, mwaulemu wonse, kuti ndi yanga.

Sanaganizepo! Nkhope imene apanga, ngakhale gemu singaijambule. “Nanga uthenga? Mkazi wa Laisoni sanamve. Akudikirabe kutsidya kwa mapiri. Munthu akafera pantchito yako, uthenga umakatula wekha, pamaso, katundu wake ali m'manja. Sutuma munthu. Ine sindisiya zinthu panjira ngati anthu ena.”

Anthu enawo ndine. Ndamva.

Lamulo latsopano: laputopu itsale, ine ndipite, chifukwa chigayo sichifuna kompyuta. Ndangotsala pang'ono kutulutsa mawu oti akanandifikitsa ku Phalombe lero lomwe, wapansi. Ndawameza. Ndati chabwino, ndiye phunzirani kuyendetsa nokha.

Mausi aigwira ngati nkhanu yoti iwapana. Munthu wawo wayang'ana kumwamba, wazungulira pamalo amodzi, wayenda chafutambuyo mpaka kulowa mumsika wa mzinda wapafupi. Ndawauza kuti batani ili n'lopereka moni, ili n'lomenyera. Ndanena zoona zokhazokha. Mwina ndanena mofulumira pang'ono.

Aima pa mayi wogulitsa kabichi. Akonza kukhosi. “Mwaswera bwanji, mayi?” Adina.

Chibakera! Kabichi mbwee! Alonda a mzinda aunjikana. Munthu wa dazi lawo, ndevu zawo, makutu awo, mayina awo onse atatu, ali m'chitolokosi.

Zaka zonse zija m'boma popanda ngakhale kudzudzulidwa. Lero kumenya mzimayi pamsika, dzuwa likuswa mtengo. Anti, ali pakhomo la kukhitchini ndi mthiko: “Ndinkadziwa kuti tsiku lina zidzaonekera.”

Ndanenanso kuti tikhoza kubwerera m'mbuyo. Akana. “Ndalakwa, ndigwire ukaidi.” Akhala akuyang'ana khoma la ndende mpaka gemu yawatulutsa. Kenako akankhira mausi kwa ine ndi chala chimodzi.

Chikwama chidakali pakhomo. Ovolosi ili pamwamba pake. Sindikudziwa.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Ndangomva kuti unali wa Yona, munthu wina wokana kupita kumene watumidwa, ndipo Anti andiponda phazi.

Pobwera kunyumba, pikapu ya a Dikoni ili pageti, injini ikulira. Ndanyamula chikwama.

Amalume ayang'anira kukwezedwa kwa fetereza, alamula kuti chingwe chimangidwenso, apereka moni wa kumudzi nyumba ndi nyumba. Kenako atembenukira kwa a Dikoni: “Uyu atsale kaye. Tinaona zovuta mkati mwa sabatamu, pali uthenga woti tikatule kutali. Abwera tikamaliza.”

A Dikoni avula chipewa, apepesa, sanafunse zambiri. Pikapu yanyamuka. Chibadwire sindinaonepo fumbi lokongola chotero!

Ndakhala pansi, ndatsegula mapu. Mudzi wa Laisoni uli kumapeto kwenikweni. Pakati pali mapiri, chipululu, mizinda ikuluikulu. Wapansi, osathamanga, moni kwa aliyense, odi pakhomo lililonse, ndipo Anti sakhala kukhitchini nthawi zonse kuti aziyankha. Mvula idzagwa, chimanga chidzacha, ife tisanafike. Komanso gemuyi ndinaisewerapo kale: mkazi wa Laisoni ali ndi mchimwene wake amene anasowa kuphanga lina kutali. Zimenezo sindinawauze. Akamva okha.

Malamulo a ntchito alengezedwa pa chakudya chamasana: kuyamba nthawi ya boma, kuweruka nthawi ya boma, Lamulungu kupuma. Malaya opisira. Dalaivala salankhula pokhapokha atafunsidwa. Munthu wanga wa tsitsi la siliva uja, woopedwa m'maufumu onse, aziyamba wadikira, chifukwa pofika madzulo maso amakhala atatheratu.

Ndinkafuna dziko loti munthu amadzisankhira chimene akufuna kukhala. Ndalipeza. Ndine dalaivala wa mkulu wadazi woyenda wapansi. Koma ndili ku Blantyre, nsidze zanga n'zakuda, ndipo palibe wandifunsa za mgaiwa.

Ndafunsa ngati ndibweze ovolosi ija. “Uipachike pamsomali wa kuchipinda kwako, uziiona.”

Mawa tiyamba ndi kukapepesa kwa mayi wa kabichi.