Pempho Lotsuka Zenera la Chipinda 14

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Chisamaliro,
Nyumba ya Okalamba ya kuseri kwa siteshoni,
Adelaide.

Bwana wanga wolemekezeka,

Pepani kuti munthu wamba ngati ine, amene moyo wake wonse anangoyendetsa mabasi, ndikulowerera nkhani za madokotala. Ndine mwamuna wa a Noelene a m'chipinda 14, amene anadwala chimfine chija kumayambiriro kwa Julaye n'kuchira. Lero ndi tsiku la 33 chitsekereni zitseko kwa ife achibale, ndipo ndaona kuti kukhala chete osathokoza kungakhale mwano.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha maphunziro. Kalata yanu yoyamba inati wodwala amatha kupatsira anzake kwa masiku asanu. Yachiwiri inati asanu ndi awiri. Yachitatu inati khumi, poti thupi la wokalamba limachedwa kuthana ndi kachilombo. Zimenezo sinditsutsa, nanenso masiku ano ndimachedwa pa chilichonse. Chimene chandigometsa ndi kawerengedwe kanu: wina akangotsokomola m'chigawo chonse cha nyumbayi, mumayambiranso pa tsiku loyamba. A Stavros a m'chipinda 9 akhala akutsokomola kuyambira 1974, chaka chimene anayamba kusuta. Ndawerengera papepala, ndipo ndapeza kuti mudzatsegula pakadzatha masiku khumi a Stavros ataikidwa m'manda. Ndi munthu wabwino, sindikuwafulumizitsa.

Chachiwiri, ndikuyamikira zimene mwatulukira, zoti kachilomboka kamalemekeza yunifolomu. Ndimakhala m'galimoto panja m'mawa uliwonse, ndiye ndimaona. Wokonza mapaipi analowa. Wa magetsi analowa kawiri. Analowanso mnyamata wa kamera wodzajambula zithunzi za kabuku kanu kotsatsa malonda, kaja kolembedwa kuti "Kuno n'kwanu." Onsewa anavala kajekete kachikasu kowala kaja, ndipo chitseko chinawatsegukira. Osamalira aganyu nawonso amafika masana atachokera ku nyumba zina ziwiri za okalamba. Woopsa ndine ndekha, amene ndinabayitsa katemera yense ndipo ndadziyeza kasanu, kukanikiza kathonje kaja m'mphuno mpaka kukumbuka masamu a kusukulu.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha mphindi khumi ndi zisanu zocheza pazenera. Ndimaima m'maluwa mwanu, mvula ili m'khosi, foni ili kukhutu. Mwina mafailo anu sanena zimenezi, koma a Noelene ali ndi matenda oiwala, ndipo chakudya chamasana amadya pokhapokha ine nditawanyemera sikono, n'kupaka jamu, n'kuyamba kuluma ndine. Takhala tikutero zaka zitatu. Nesi wina, amene dzina lake ndaliiwala dala, anandinong'oneza kuti atsika ndi makilo atatu ndipo mphete yaukwati yayamba kuvuka.

Sabata yoyamba a Noelene ankanditchula dzina, n'kundiuza kuti chipewa changa chikundikalambitsa. Sabata yachitatu ankangondimwetulira ngati mlendo wa kutchalitchi. Dzulo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, ngati mwabwera kudzatsuka galasi, yambirani pakona apo. Amuna anga akabwera andione bwino."

Ndinatsuka, Bwana. Ndi mpango wanga. Anati ndachita bwino, koma cham'kati mwa galasi mudakali zidindo za zala.

Sindikupempha kuti musinthe malamulo, pakuti ndikudziwa kuti analembedwa ndi anthu ophunzira ku likulu, amene kachilombo sikangawafikire chifukwa sanapondepo kuno. Sindikupemphanso kuti mundiuze tsiku limene mkazi wanga, amene wapezeka wopanda kachilombo kwa milungu itatu, adzasiye kuopseza dziko. Ndaona kuti funso limeneli limakutopetsani.

Pempho langa ndi laling'ono. Ndagula kajekete kachikasu, ndowa ndi nsanza. Malipiro sindifuna. Ndiloleni ndizitsuka zenera la chipinda 14 cham'kati, tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro, nditavala masiki. Ndine wochedwa pantchito, zimanditengera ola lathunthu, ndipo ndimabwera ndi sikono yanga. Kachilombo kakafunsa, mukauze kuti si ine mwamuna wa munthu, ndine waganyu.

Chonde yankhani msanga, a Stavros asanatsokomolenso, komanso mayi aja asanasiye kudikira amuna awo.

Ine wanu wodzichepetsa, amene sanatsokomole chiyambire kalatayi,

Lindsay Treloar
Wotsuka mazenera, kuyambira Lolemba